Carbine ya zipolopolo za pistol: ndisankhe iti yowombera chandamale ndi kutetezera pakhomo?

Mlimi wa mpunga, Lifuwu

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru kwa amene mukudziwa bwino za mfuti zokhala nazo mwalamulo. Ndimakhala kufupi ndi Lifuwu m'boma la Salima, kumene ndimalima mpunga komanso ndili ndi chigayo, ndipo nyumba yanga ili patali ndithu ndi anansi. Ndaganiza zopempha chilolezo cha mfuti pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi masewera owombera chandamale, amene ndinayamba kuwakonda pamene ndinkagwira ntchito ku Johannesburg, kumene kuli mabwalo ambiri ochitirako zimenezi. Chachiwiri ndi chitetezo cha pakhomo, makamaka nyengo yokolola pamene matumba a mpunga adzaza m'nyumba yosungiramo ndipo aliyense m'dera akudziwa kuti pakhomopo pali ndalama.

Mtima wanga uli pa mfuti ya mtundu wa carbine imene imatsamira paphewa koma imawombera zipolopolo za pistol, makamaka za 9mm. Shotgun ya 12 gauge, imene alimi ambiri ali nayo, imamenya phewa kwambiri, moti sindikuona kuti mayi akunyumba angaikonde, ndiponso sindifuna mfuti imene munthu amatopa nayo atangowombera pang'ono. Pistol nayo ndinaona kuti njovuta kulondolera bwino chandamale chikakhala patali. Maina amene ndakumana nawo kwambiri ndi Ruger PC Carbine, Kel-Tec SUB-2000 ndi CZ Scorpion. Kodi mwa zimenezi ndi iti imene ingapirire chinyezi cha kuno kunyanja ndi fumbi la chilimwe? Kodi mpope wautali umawonjezeradi mphamvu ya chipolopolo cha 9mm mokwanira, kapena ndi nkhambakamwa ya ogulitsa? Ndipo ngati mvuu zilowa m'munda wa mpunga, monga zimachitira zaka zina, kodi mfuti yotere ingathandize?

Wopuma pantchito, Senga Bay

Bambo a ku Lifuwu, funso lanu lili bwino, koma mwaliyambira kumapeto. Dzina la mfuti ndi chinthu chomaliza kusankha, chifukwa kuno kwathu chimene chimalamula ndi chilolezo ndi kupezeka kwa zipolopolo.

Mfuti m'Malawi muno zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act la 1967, limene lili pa Chapter 14:08 m'malamulo a dziko, ndipo kaundula wake ali m'manja mwa apolisi, kulikulu lawo ku Area 30 ku Lilongwe. Munthu sagula mfuti kaye n'kumakapempha mapepala pambuyo pake. Chilolezo chogulira chimayamba, ndipo ngati mfutiyo ichokera kunja pamafunikanso chilolezo choilowetsera m'dziko, kenako laisensi imene imakonzedwanso chaka ndi chaka. Mapepalawa amalembedwa m'dzina la munthu mmodzi ndi nambala ya mfuti imodzi, choncho nkhani ya mayi akunyumba muifunse momveka bwino pa tsiku limene mukukatenga mafomu, musadzangoganiza kuti poti ndi banja limodzi ndiye kuti onse ndi ololedwa. Dziwaninso kuti mgwirizano wa maiko a SADC woletsa kufalikira kwa mfuti unasainidwa ku Blantyre komwe kuno mu 2001, ndipo cholinga chake ndi kulimbana ndi mfuti zosaloledwa komanso kukhwimitsa malamulo a mfuti zimene zili m'manja mwa anthu wamba. Mfuti zonse zitatu zimene mwatchula zimadzilowetsera zokha chipolopolo china mukangowombera, ndipo ina mwa izo, CZ Scorpion, ili ndi maonekedwe a chida cha asilikali. Musanatumize ndalama kulikonse, lembani dzina lenileni la mfutiyo ndi mtundu wa zipolopolo zake, mukaonetse kupolisi, akuuzeni ngati angailembe m'kaundula.

Tsopano zipolopolo. Mfuti ya masewera imadya zipolopolo zambiri, ndipo carbine ya 9mm imadya mofulumira kuposa zonse chifukwa siipweteka phewa, moti bokosi la zipolopolo 50 limatha munthu asanakhute. Chipolopolo chilichonse chimachokera kunja, kaya ndi za kampani ya PMP ya ku Pretoria kaya za Sellier & Bellot ya ku Czech Republic, ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wotere anakwera mtengo koopsa. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mufunse ogulitsa ovomerezeka za mtengo wa bokosi limodzi, ndiponso ngati zimapezeka chaka chonse, kenako muwerengere kuti mungakwanitse mabokosi angati pa chaka. Chiwerengero chimenecho chikatuluka chaching'ono, mfuti ya masewera yokuyenerani ndi ya zipolopolo zazing'ono za .22 LR, monga CZ 457 kapena Ruger 10/22 imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1964. Zipolopolo zake n'zotsika mtengo kwambiri, ndipo zonse zofunika pa kulondolera chandamale munthu amaziphunzira bwino pa mfuti imeneyo.

Za mvuu ndiyankhe mwachidule kuti ayi. Chipolopolo cha 9mm chingangoivulaza ndi kuikwiyitsa, ndipo mvuu yovulala imakapha msodzi kapena mayi wotunga madzi amene sanaichite kanthu. Kuwonjezera apo, lamulo la National Parks and Wildlife Act linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Nyama zikavuta m'munda, nkhaniyo ndi ya a nthambi ya zanyama zakutchire, ndipo mfumu ya dera lanu ikhoza kukuthandizani kuwaitana.

Makaniko wa ku Dwangwa

Akulu a ku Senga Bay anena zoona pa nkhani ya mapepala, koma achimwene a ku Lifuwu afunsanso za mfuti zenizenizo, ndipo ndi bwino apite kupolisi akudziwa chimene akupempha.

Ndiyambe ndi mpope. Pistol wamba monga Glock 17 ili ndi mpope wa masentimita pafupifupi 11, pamene carbine zambiri za ku America zili ndi mpope wa mainchesi 16, amene ndi masentimita pafupifupi 41. Kutalika kumeneku sikunasankhidwe chifukwa choti chipolopolo cha 9mm chimakufuna. Kunachokera ku malamulo a ku America okhudza mfuti zazifupi, amene anayamba ndi National Firearms Act ya 1934. Chipolopolo cha 9mm, chimene Georg Luger anachipanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chili ndi onga wochepa umene umapsa msanga, moti mbali yaikulu ya ntchito yake imathera m'chigawo choyamba cha mpope. Chipolopolo cholemera magalamu 8 chimatuluka m'pistol pa liwiro la mamita pafupifupi 350 pa sekondi, ndipo m'carbine chimafika chapafupi ndi 400. Kuwonjezeka kulipo, koma sikusandutsa mfutiyo kukhala yosakira nyama zazikulu kapena yowombera patali. Pa mamita 50 imachita bwino kwambiri, pa mamita 100 chipolopolo chimakhala chitayamba kugwa moonekera.

Phindu lenileni la carbine lili pa kagwiridwe. Pistol imagwiridwa ndi manja okha, pamene carbine imakhazikika pa manja awiri, paphewa ndi patsaya, ndipo zolondolera zake zatalikirana, choncho kulakwitsa pang'ono kwa diso sikukula kwambiri pofika pachandamale. Munthu wongoyamba kumene amene akuvutika kulasa mbale ndi pistol pa mamita 15, ndi carbine amailasa pa mamita 25 tsiku lomwelo. Phokoso nalonso limachepako chifukwa onga umapseratu usanatuluke ndipo kukamwa kwa mfuti kuli kutali ndi nkhope, ngakhale kuti zoteteza makutu zimafunikabe nthawi zonse.

Chimene ogulitsa satchula kawirikawiri ndi kagwiridwe ntchito ka m'kati. Mfuti zitatu zimene mwatchulazi zonse ndi za blowback, kutanthauza kuti palibe chokhoma chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope. Chimene chimachedwetsa kuti chisatseguke msanga ndi kulemera kwake pamodzi ndi sipuling'i. Chitsulo cholemerachi chikamathamangira m'mbuyo ndi kubwerera, mfuti imagwedezeka kuposa momwe munthu angayembekezere pa chipolopolo chaching'ono chotere, ndiponso mwaye wa onga umalowa wambiri m'kati. Ubwino wake ndi woti zitsulo zake n'zochepa, ndipo chimene chili ndi zitsulo zochepa sichifa kawirikawiri, mfundo imene ndi yaikulu kwa ife amene sitingapeze sipeya msanga. Mfuti za kampani ya Heckler & Koch zotengera mfuti yawo ya asilikali ya MP5 zili ndi timawilo tochedwetsa kutseguka ndipo zimawomba mofewa kwambiri, koma mtengo wake ndi wa galimoto.

Pa zitatuzi ine ndingasankhe Ruger PC Carbine. Inatuluka kumapeto kwa 2017, imalemera makilogalamu pafupifupi 3, ndipo m'chitsulo chake chotseka anaikamo chitsulo cholemera cha tungsten chothandiza kuchepetsa kudumpha. Imagawika pawiri popanda zida, zimene zimathandiza poipukuta ndi poisunga m'bokosi lalifupi. Imabwera ndi kachipangizo kosinthira kuti ilandire magazini (timabokosi toikamo zipolopolo) za Glock. Mtundu wake wamba uli ndi maonekedwe a mfuti ya mlenje, ndipo ine ndimaona kuti zimenezi n'zofunika, chifukwa munthu amene akudutsa pa zipata za apolisi za mumsewu wa M5 ndi mapepala ake onse amafunabe kuti zokambirana zikhale zazifupi.

Kel-Tec SUB-2000 njopepuka, makilogalamu pafupifupi 2, ndipo imapindika pakati. Koma kupepukako kumachititsa kuti igwedezeke kwambiri, tsaya limatsamira pa paipi imene chitsulo chotseka chimathamangamo, ndipo pa mitundu yake yakale kuika galasi lolondolera kumalepheretsa kupinda. Kupindika kumathandiza munthu woyenda nayo, pamene inu mukufuna yokhala pakhomo. CZ Scorpion njolimba, koma imafuna magazini zakezake. Pali inanso imene simunaitchule, Beretta CX4 Storm ya ku Italy, imene inatuluka mu 2003. Magazini yake imalowa m'chogwirira, choncho mfuti yonse imafupika, ndipo mitundu ina imalandira magazini za Beretta 92.

Za chinyezi, palibe mwa zimenezi imene ingadzisamale yokha. Mpope ndi wachitsulo, ndipo kuyambira December mpaka March mpweya wa kunyanja umadyetsa dzimbiri ngakhale chitsulo chili m'nyumba. Muipukute ndi kansalu ka mafuta a mfuti mukangoigwira, musaisunge m'chikwama cha nsalu kapena cha siponji chifukwa chimasunga madzi, ndipo m'bokosi muikemo timapaketi toyamwa chinyezi. M'chilimwe muchepetse mafuta, popeza mafuta ambiri akakumana ndi fumbi la gaga wa pachigayo amasanduka phala.

Mayi mphunzitsi, Nkhotakota boma

Bambo, ine ndilankhulako za chifukwa chanu chachiwiri, chifukwa ndikuona kuti chikudutsidwa mofulumira. Malemu bambo anga anali ndi mfuti yovomerezeka moyo wawo wonse, choncho sindikulankhula ngati munthu wodana ndi mfuti.

Zolinga zanu ziwirizi zimakokana. Mfuti yosungidwa bwino imakhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, yopanda chipolopolo, ndipo zipolopolo zili potsekedwa pena. Mfuti yodzitetezera usiku munthu amaifuna pafupi. Ambiri amathetsa vutoli poibisa pansi pa matiresi kapena pamwamba pa kabati, ndipo m'nyumba zathu zimene mumakhala ana athu, ana a abale, antchito ndi alendo, palibe malo obisika amene mwana wa zaka khumi sawadziwa. Ndiwonjezere chinthu chimene anthu sakonda kuchitchula: mfuti yokhomeredwa imatetezanso mwini wake ndi a m'banja lake pa tsiku la mkwiyo, la mowa kapena la kutaya mtima chifukwa cha ngongole. Pamenepa carbine ya magazini ili ndi ubwino weniweni, chifukwa mfuti ikhoza kukhala yopanda kanthu m'bokosi, magazini n'kukhala m'kabokosi kena kokhoma, ndipo kuziphatikiza sikutenga nthawi. Koma zimenezi zimafuna kuti bokosilo ligulidwe mfuti isanafike, ndipo kiyi wake asakhale pa mulu wa makiyi a chigayo.

Chachiwiri ndi lamulo. Kudziteteza n'kololedwa, koma khoti limayang'ana ngati mphamvu imene munagwiritsa ntchito inali yoyenerana ndi choopsa chimene chinalipo pa nthawiyo. Kuwombera munthu amene akuthawa ndi thumba la mpunga si kudziteteza, ndipo laisensi siisintha zimenezo. Usiku wa kumudzi uli ndi anthu ambiri oyenda amene si akuba: mlonda wanu yemwe, mwana wobwera mochedwa, mnansi wodzapempha galimoto kuti atengere wodwala kuchipatala, woledzera amene wasokera njira. Amene sanaone nkhope ndi manja a munthu sayenera kuyika chala pa chokhethemulira, choncho tochi yowala bwino ndi yofunika kuposa dzina la mfuti. Kumbukiraninso kuti chipolopolo cha 9mm chimaboola chitseko cha matabwa, siling'i ndi malata mosavuta, ndipo kuseri kwake kukhoza kukhala chipinda cha ana.

Ndikanakhala inu, ndalama zoyamba ndikanaziika pa zitsulo za m'mawindo, chitseko cholimba cha nyumba yosungiramo mpunga, magetsi a sola oyaka okha munthu akayandikira, agalu, ndi kulandira malipiro kudzera pa foni kuti anthu adziwe kuti pakhomopo sipagona ndalama. Kugwirizana ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi nakonso kumathandiza. Mfuti ikadziwika kuti ilipo imasanduka katundu amene akuba amamufuna kuposa mpunga, choncho isakhale nkhani ya pa bawo kapena ya zithunzi za pa Facebook.

Mlimi wa mpunga, Lifuwu

Zikomo kwambiri nonse atatu. Mayi, mfundo ya bokosi ndi kiyi ndaimva, ndipo ndiyamba ndi imeneyo pamodzi ndi magetsi a sola. Nkhani ya mvuu ndaisiya. Chatsala ndi ichi: ngati kupolisi angandiuze kuti mfuti yodzilowetsera yokha chipolopolo njovuta kuivomereza, kodi pali ina ya zipolopolo za pistol imene siili m'gulu limenelo? Ndiponso kumapeto kwa munda wanga kuli dambo lalikulu lolowera kunyanja, kumene kulibe nyumba. Kodi ndingaike chandamale kumeneko?

Wopuma pantchito, Senga Bay

Bambo, ndiyambe ndi dambolo chifukwa ndilo loopsa. Musaike chandamale moyang'ana kumadzi. Chipolopolo chikagunda madzi chopendekeka chimadumpha n'kupitirira, ndipo kumene chikagwere palibe amene angadziwe. Ngakhale cha .22 LR chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo cha 9mm sichichepera pamenepo. Dambo limene mukuliona ngati lopanda anthu lili ndi abusa a ng'ombe, amayi omweta udzu, ana osaka mbewa ndi asodzi m'mabwato kuseri kwa bango. Kumbuyo kwa chandamale kumafunika mulu wa dothi lofewa kapena mchenga, wautali kuposa munthu, wotambalala bwino mbali zonse ndiponso wopanda miyala, ndipo wowombera aime moti chipolopolo chizipita chotsika n'kulowa m'dothimo. Chulu chouma cha m'chilimwe musachikhulupirire, chifukwa chimalimba kwambiri moti chikhoza kubweza chipolopolo. Musanayambe, kafunseni kupolisi ya Salima ngati malowo angaloledwe, ndipo mudziwitse mfumu ndi anansi tsiku ndi nthawi, chifukwa kulira kwa mfuti kosayembekezereka kumadzidzimutsa mudzi wonse.

Pa funso loyamba, yankho lilipo ndipo ndi lakale kuposa mfuti zonse zimene tatchulazi. Maganizo oti mfuti yaitali ndi ya m'manja zidye chipolopolo chimodzi anatchuka ndi mfuti ya Winchester ya 1873 ndi chipolopolo cha .44-40. Masiku ano mfuti za mtundu umenewo, zimene wowombera amakoka chogwirira cha pansi kuti alowetse chipolopolo china, zimapangidwa za .357 Magnum, monga Marlin 1894, Henry Big Boy ndi Rossi R92 ya ku Brazil, imene inatengera Winchester ya 1892 ya John Browning. Pano mpope wautali umagwiradi ntchito, chifukwa .357 ili ndi onga wambiri wopsa pang'onopang'ono. Chipolopolo cha magalamu 10 chimene chimatuluka m'revolver (mfuti ya m'manja) pa mamita pafupifupi 370 pa sekondi chimapitirira 500 m'mfuti yaitali. Mfuti yomweyo imalandiranso .38 Special, imene njofewa kwambiri paphewa ndipo njabwino pa masewera. Rossi imapezekanso ya chitsulo chosachita dzimbiri msanga, chimene n'choyenera kuno kunyanja.

Makaniko wa ku Dwangwa

Akulu, pa Rossi ndikuvomereza mbali imodzi yokha. Pa mphamvu ndi pa maonekedwe yapambana, koma pa kasungidwe kamene mayi a ku Nkhotakota afotokoza ili ndi vuto. Zipolopolo zake, 8 kapena 10 malinga ndi kutalika kwa mpope, zimalowetsedwa chimodzichimodzi pa kakhomo ka m'mbali, ndipo pozitulutsa munthu amakoka chogwirira mobwerezabwereza, chipolopolo chilichonse n'kumalowa kumbuyo kwa mpope, nyundo yomenya chipolopolo ili yokokedwa. Pamenepo ndi pamene ngozi za m'nyumba zimachitikira. Chifukwa cha ntchito imeneyi eni ake ambiri amangoisiya yodzaza, chimene ndi chinthu chomwe tikufuna kupewa. Mitundu ina ya Henry ili ndi kapaipi kosolola kutsogolo kamene kamalola kukhuthula zipolopolo popanda kuzidutsitsa kumpope, choncho ngati achimwene atsata njira imeneyi, afunse za imeneyo. Komanso zipolopolo zina zazifupi za .38 Special zimakodwa m'mfuti zina za mtunduwu, ndiye ndi bwino kugula bokosi limodzi loyesera musanagule ambiri.

Achimwene, popita ku Area 30 mutenge maina awiri, Ruger PC Carbine ya 9mm ndi Henry kapena Rossi ya .357, pamodzi ndi kalata ya wogulitsa wovomerezeka yosonyeza kuti akhoza kubweretsa mfutiyo ndi zipolopolo zake. Mfuti ya kwa munthu wamba imene mwini wake akuti mapepala adzabwera pambuyo musaigwire n'komwe, ngakhale mtengo wake utatsika bwanji. Mufunsenso kuchuluka kwa zipolopolo zimene laisensi ingakuloleni kusunga pa nthawi imodzi, chifukwa chiwerengero chimenecho ndicho chidzakuuzeni ngati mfuti imodzi ingakwanire pa zolinga zonse ziwiri, kapena ngati masewerawo ayenera kupita ku .22 LR monga anenera akulu a ku Senga Bay.